Mabatani a M'chitini

Pansi pa makina anga osokera ku Kapata
pali chitini cha polishi chopanda polishi.
Muli mabatani khumi ndi anayi a Jeremani
ndi kabaji kamodzi, chiwombankhanga chothyoka phiko.

Loyamba linabwera m'thumba la Yotamu Shawa,
mkulu wawo wa agogo anga aamuna,
amene anamugwira pa Boma kaamba ka msonkho
namusenzetsa bokosi la zipolopolo kulowera kumpoto,
wopanda nsapato, dzinja ziwiri.
Anati malipiro akalandira akabwerako. Anabwerako.
Batanilo anachita kudula ndi mano
pa jekete la munthu amene sankamvanso kuzizira.
Za kumeneko sanasimbe. Ankangotsokomola.

Enawo ndinatolera ndekha.
Awiri kwa mphunzitsi wopuma wa ku Lundazi,
posinthana ndi buluku lomwe ndinamusokera.
Lina linatuluka ndi khasu m'munda wa nsawa.
Atatu kwa dalaivala wa thiraki wa ku Mbala,
ndipo pa limodzi ndikudziwa anandipusitsa.

Lamulungu masana ndimawatsuka ndi ndimu ndi phulusa.
Ndere ikachoka, chisoti cha mfumu yawo chimatuluka,
kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda.
Koma ine ndimatembenuza.
Kumbuyo kwa la Yotamu kudakali kaulusi kakuda,
ndipo mfundo yake ndi yomwe ndimamanga ine.
Kunali telala kumeneko, msana ukumupweteka,
akuwerenga majekete otsala dzuwa lisanalowe.

Chaka chatha kunabwera bambo wa ku Lusaka
ndi kagalasi kokuzira zinthu ndi madola m'sokosi.
Anafunsa dzina la gulu la asilikaliwo.
Ndinamuuza dzina la wonyamula katundu.
Anayang'ana pa pepala lake, nati limenelo palibe mtengo wake.
Ndinatseka chitini, ndinaponda makina.

Kale anali khumi ndi asanu.
Tsiku lina m'mawa Enelesi, posowa batani,
anapisa dzanja osafunsa
nasokerera limodzi pa kabudula wa sukulu wa Lameki.
Temu yonse mwanayo ankapita ku Mchini
chisoti cha mfumu chitamugwirira kabudula,
mpaka linaduka pa mpira, kuseri kwa zimbudzi.

Ndinafunafuna mpaka mdima.
Lameki ataima pambali, dzanja m'chiuno kuti usavuke,
anafunsa ngati Yotamu akwiya.
Ndinati sindikudziwa, sindinamuone,
ndinangomva za chifuwa chake.
Mvula ikagwa ndimapitabe kukayang'ana.