Mamilimita Atatu

Ku Tartu mdima umagwa anthu asanaweruke.
Leelo wayatsa getsi, wakankhira pambali khofi wozizira,
ndipo pa sikirini pakuzungulira mutu wa munthu,
wotuwa ngati phulusa, wothera m'khosi.
Ndi Endel, amene anayendetsa basi zaka makumi atatu
mpaka mtima unaima m'nyengo ya chipale.
Mwana wake anabwera ndi zithunzi khumi ndi zinayi
nati: amayi akufuna kumuika pawindo,
koma manja awo amanjenjemera. Chonde asalemere.

Mutuwo ngwodzaza, gwa, ngati mwala.
Ukhoza kumeza malita awiri a utomoni.
Uyenera kugobedwa.

Leelo asankha pansi pa khosi, posayang'ana munthu,
alemba kuti khoma likhale mamilimita atatu,
adina.
Pulogalamu ikana.
Khutu lakumanzere lafiira psuu:
pamenepo mpopyapyala,
makoma awiri alowana, palibe pogoba.
Atsitsa, awiri ndi theka. Ikanabe.
Awiri. Tsopano yadandaula ndi khwinya la pamphumi.

Apukusa mutu, aseka yekha.
Mkuluyu ayenera kuti anali wamakani.

Ndiye alisiya khutulo lodzaza,
limve zomwe likufuna,
adinanso,
ndipo kulemera konse kuchoka mwakamodzi, popanda phokoso,
popanda ngakhale kafumbi pansi kosesa.

Audula pakati kuti aone.
Mphuno, ukaiona chakumbuyo, ndi chigwa.
Masaya ndi mbale ziwiri.
Kumwetulira kuja kwa pa chithunzi chaukwati
m'kati muno ndi ngalande yokhota.
Sanamudziwe bamboyu, sanakwerepo basi yake mwina,
koma ndi iye yekha amene waima kuseri kwa nkhope yake
kumene mkazi wa zaka makumi anayi sanafikeko.

Aboola timabowo tiwiri kuseri kwa tsitsi.
Anaphunzira ndi kavalo wina chaka chatha:
ukatsekera utomoni wamadzi m'kati
chinthu chimaoneka bwino miyezi itatu
kenako chimang'aluka chokha pashelefu, nkumalira.

Magalamu mazana awiri ndi khumi.
Akuwaona kale amayiwo Lachisanu,
atakunga mapewa kuti anyamule mwamuna wawo,
manja nkukwera msanga kuposa mmene amayembekezera.

Atumiza ku makina, avala chikhoti.
Panja basi yaima, ikupuma utsi.
Akwera, akhala kumbuyo kwa dalaivala,
ndipo njira yonse maso ali pa khutu lake lakumanzere.