Buku la a Zgambo

Mnyamata wosindikiza mabuku ku Katoto
akuti dzina lathu ndi lolakwika.
Kompyuta yake yalikoka mzere wofiira kunsi
ngati yalicheka ndi lezala.
Ndamuuza kuti alisiye likhe magazi,
linazolowera.

Kalaliki wa ku Wenela analemba Zyambo.
Agogo sanatsutse, ankafuna ntchito.
Ana amene anabereka kumeneko akadali a Zyambo mpaka lero,
amatitumizira zithunzi pafoni:
mphuno yathu yomweyi,
yangosochera ndi chilembo chimodzi.

Zaka zitatu ndakhala ndikutola mayina
ngati bowa wa m'nkhalango ya Kaning'ina,
wina wodyedwa, wina wakupha.
M'kaundula wa ubatizo ku Ekwendeni
chiswe chinadya chaka chathunthu
n'kundisiyira mchira wa dzina: kiya.
Hezekiya kodi? Zedekiya?
Ndalemba onse awiri, akagawane okha kumandako.
Ku Enukweni ndinapala ndere pachiliza ndi supuni
mpaka munthu anatuluka, wa zaka zisanu ndi zinayi,
amene palibe anandiuzapo.

Amuna sanavute,
anasiya mayina paliponse, ngakhale m'mabuku a ngongole.
Koma amayi aja.
NyaHarawa. NyaSingini. NyaLuhanga wamkulu ndi wamng'ono.
Aliyense atafunda dzina la bambo wake ngati bulangete lobwereka.
Ndinafunsa azakhali ku Chiputula:
NyaHarawa, lawolawo linali ndani?
Anaseka.
Kenaka anasiya kuseka.
Anati, anandiyamwitsa zaka ziwiri,
anandiveka, anandikwatitsa,
ine osawafunsa.
Pamenepo ndasiyapo mpata wokwana chala.

Makina akulavula masamba ofunda.
Makumi anayi ndi asanu, makumi anayi ndi asanu ndi limodzi,
magetsi thii.

Tsamba lotsatira ndi la Wongani.

Abambo aakulu a Yotamu, amene anasonkha zambiri,
anandiimbira usiku kuchokera ku Luwinga:
mwana wa patchire salowa m'buku,
mayi wake sitinamulowole,
ukamuika undibwezere ndalama zanga.
Sindinawayankhe, ndinati netiweki ikuvuta.

Panja mvula yowaza ija ya kuno,
yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa.
Mnyamata akudya chinangwa chokazinga, akundiyang'ana.
Akuti kufufuta mzere ndi batani limodzi, bambo,
sitilipiritsa.

Wongani amapalasa sakaramento.
Ndi iye wandikweza m'mawa uno kuchokera ku Mchengautuwa,
chikwatu cha mapepala chili pachifuwa panga.
Pachitunda anaimirira pamapedulo,
ndipo ndinaona kumbuyo kwa khosi lake
kakhwinya komweko ka malemu mng'ono wanga,
kamene ndinkakatsina tili ana.
Amanditcha abwana.
Ndinamupatsa ndalama, anandibwezera chenje chonse.

Magetsi abwera cha m'ma fayifi.
Mnyamata waika chala pabatani, wadikira.
Ndati sindikiza.
Ndalama za a Yotamu ndigulitsa wailesi ndi nkhuku,
zikapanda kukwana akanditengere kukhoti,
akatchule okha dzina limene akulikana
pamaso pa anthu.

Mabuku makumi atatu, chikuto chobiriwira,
guluu akadanunkha.
Kumapeto kuli masamba anayi opanda kanthu.
Ankafuna kuwachotsa kuti mtengo utsike,
ndati ayi, mdzukulu wanga ali ndi pakati,
ndipo a Zyambo aja sanamalize kuwerengana.

Ndaima pakhonde, ndamuimbira.
Wabwera atavala jumbo kumutu,
wamanga katoni pakaliyala ndi mphira,
wayesa kukankha, njinga yakana.

Abwana, mwaikamo njerwa umu?

Ayi, ndati, muli anthu.
Tiye pang'onopang'ono, tiyenda pansi.
Tikafika pouma
pali tsamba loti undiwerengere,
maso angawa atha.