Masitepe Awiri Pansi

Ndafika mochedwa pa Kaphatenga,
besi ili kumsana ngati mwana wogona,
ndapeza anzanga atasamuka kale
chikhalirecho m'chipinda chomwecho.
Twaibu wakhwefula nsambo zake zonse,
Lingisoni naye chimodzimodzi,
ndipo nditangogunda kamodzi
tonse takwinya nkhope
ngati taluma bwemba wosapsa.

Palibe wanena chifukwa.
Chifukwacho chakhala pa kireti pakona apo,
chikupopera madzi otentha a mandimu:
a Zembeni,
zaka khumi ndi zinayi m'chigayo cha mpunga,
fumbi la mankhusu lawadyera denga la mawu.
Pomwe ankakwera osagwirira
lero amaima pansi n'kumangoyang'ana.

Ndiye tiwatsikira ife.

Magetsi anapita m'bandakucha,
foni yochunira yafa nawo,
ampu ikuyamwa batire ya galimoto yobwereka.
Ndatsala ndi khutu basi.
Twaibu, tandipatse yaikuluyo. Bwereza.
Usaithamangitse, isiye ilire.

Ndikupotoza kachitsulo cham'mbuyo
pang'onopang'ono, ngati wotsegula chitseko
m'nyumba yomwe muli wodwala.
Mawu awiri, ake ndi anga, akukankhana m'mwamba,
wawawawawa,
kuyenda kwa kabaza yopindika limu,
kenako wa, wa,
kenako
wa,
kenako sindikudziwanso kuti wanga ndi uti.
Imodzi yatheka. Zatsala zitatu.

Koma taonani nsambo yaikulu mmene yalendewerera,
chingwe choyanikira mabulangete onyowa.
Ndikaikoka ikumenya tizitsulo ta pakhosi,
ikuyankhula ndi m'mphuno,
ikuti sindinabadwire kuno ine.
Ikunena zoona.
Kuno kumafuna inzake yonenepa
ija imapachikidwa m'sitolo ku Lilongwe,
mtengo wake theka la thumba la feteleza,
ndipo mvula ili pafupi.

Choncho chala chiphunzire ulemu.
Zaka zonsezi ndakhala ndikuimenya,
lero ndikuipempha,
ndikugwira chakumunsi komwe idakali yolimba,
ndikusiya mpata pakati pa mawu ndi mawu
kuti ibwerere pamalo isanatumidwenso.
Zala zikupita m'makomo omwe zidazolowera
koma otsegula ndi anthu ena,
achikulire, oyankha mosafulumira.

Dzuwa la Okotobala likuthetheretsa malata.
Ndachuna, yathawa.
Ndachunanso, thukuta likudontha pa thabwa,
Lingisoni akuseka, akuti besi yako
yamva kuti ukwati wa Loweruka ndi wa ngongole.
Wowotcherera zitseko kuseri kwa khomali
waimika jenereta, mwina mafuta atha,
mwina akumvetsera.

A Zembeni aika kapu pansi.
Aimirira ndi bondo limodzi kaye.
Ng'oma yawerenga kanayi
ndipo ndalowa pansi pawo
monga amalowera munthu pansi pa mtolo
mnzake asanautule.

Supuni ikunjenjemera m'kapu.
Nsabwe za fumbi zikugwa m'mitanda ya denga.
Ndikumva besi m'nthiti, osati m'khutu,
ndipo mawu aja tinkati anatha
ali pano, okandapala, a mchenga pang'ono,
akuyenda mowongoka m'chipinda chofupika
chomwe tawamangira masana ano
ndi zala zitatu ndi batire yobwereka.
Pofika pamene ankasweka mwezi watha
Twaibu wayang'ana kumbali.
Adutsa.
Palibe wayang'ana mnzake.

Titamaliza, chete watenga malo ake.
Ndimayembekeza kamawu, sindikana,
kaya zikomo, kaya kungogwedeza mutu.
A Zembeni apukuta pakamwa ndi chipewa,
atsokomola kawiri,
andiloza ndi chibwano:
iwe, yachiwiriyo idakali pamwamba.

Ndamvetsera.
Sakunama.
Ndagwiranso kachitsulo kaja,
ndikutsikabe.