Seveni Wanga Amavala Lamba

Lolemba, phiri litafunda nkhungu mpaka m'mapewa,
bambo anandisiya pakhomo la ahedi ku Chinamwali
ndi kope limodzi, kapu yapulasitiki,
ndi dzina lomwe linakana kulowa m'kaundula.
Irakoze, ndinatero.
Alakoze? Ilekoze? Anafufuta kawiri,
kenako analemba momwe khutu lawo linafunira.

Kwathu ndinatsala pang'ono kumaliza pulayimale.
Kuno anandiyeza ndi mafunso atatu a Chingerezi,
ine kukamwa yasa,
basi, Sitandade 4,
pakati pa ana ondilekeza m'khwapa.

Malo anga ndi kumbuyo, pafupi ndi matsache,
pomwe simenti inakumbika ngati mtondo.
Aphunzitsi akafunsa, kalasi yonse imayankha kamodzi,
ine ndimatsegula pakamwa mochedwa,
kutola nyenyeswa za mawu a anzanga
ndi kuzitafuna osadziwa kukoma kwake.

Pabwalo pali malire omwe palibe anawajambula.
Pansi pa mbawa ndi pa a Sitandade 8.
Kuseri kwa thanki ndi kwa anyamata a chikulunga.
Mzere wa phala ndi wa odziwa kukankha.
Langa ndi khoma la ofesi,
limatentha msana, silifunsa mafunso.
"Iwe Mburundi, shuga mwakweza liti?"
Amaseka mpaka kugwirana.
Bambo alibe ngakhale kaokala;
amasoka nsapato pakhonde la eni ku Matawale,
koma ndiwauze m'chilankhulo chiti?

Lachinayi kunabwera masamu.
Manambala sanandifunse kochokera.
Ndinawalonjera ngati abale okumana nawo padepoti,
ndinamaliza ena akusongolabe mapensulo.
Koma seveni wanga amavala lamba m'chiuno,
wani wanga ali ndi mlomo ngati khasu,
ndipo Mayi Chikopa anathetha, kuthetha, kuthethanso.
Ziwiri pa khumi.
Misozi yokha ndiyo sinafune womasulira.

Asiyatu, wa mpango wobiriwira,
amene sanandilankhulepo chibwerere,
anasuzumira, natsomphola kope langa
n'kupita nalo kutsogolo, slipasi zikuwomba pansi.
"Madamu, uyutu si seveni.
Ndi wani wakwawo."

Kalasi inati zii.
Mayi Chikopa anakweza magalasi,
anawerenga ndi chala, mzere ndi mzere.
Sanapepese.
Anangosandutsa mitanda ija nkhwakwa zopindika,
zisanu ndi zinayi,
nati mawa ndikhale kutsogolo, ndisiyane ndi matsache.

Pa buleki Asiyatu anandikokera pakati pa fulaye.
Mpira ukubwera, onse anakuwa: "Zinda!"
Thupi linamva lilime lisanamve.
Kuzinda ndinakuphunzira kale,
m'misewu ina, ku zinthu zina zosadunda.
Ndinadzaza botolo ndi mchenga mpaka pakamwa,
ndipo kwa kanthawi ndinali wa timu,
osati wa dziko.

Madzulo amayi anafunsa m'Chirundi chathu
zomwe ndaphunzira.
Ndinayang'ana phiri lija, lofanana ndi akwathu
kungoti lavala paini m'malo mwa nthochi,
ndinati: liwu limodzi.
Anati n'lochepa, pa sabata yathunthu.

M'kaundula ndikadali Alakoze.
Pamzere wa phala ndikadali womaliza,
kapu yanga imalandira zokokota.
Koma dzulo, pobwereka labala,
ndinaona m'kope la Asiyatu, pakona penipeni,
seveni wamng'ono, wopendekeka,
atavala lamba.