Phunziro la Lachinayi ku Matero

Choko chatsala kachidutswa,
mphepo ya Ogasiti ikulowetsa fumbi pa zenera losweka.
Ndakweza chithunzi chakale cha ku Jeremani:
ana a makabudula ofanana,
mikono ili m'mwamba ngati mapesi m'munda wokololedwa.

Ndikuwauza kuti kumeneko mfuti inabwera mochedwa.
Choyamba chinali kaundula wa mayina.
Mphunzitsi wokana kulumbira anamulanda choko,
mabuku ena anapsa pabwalo,
samu inayamba kufunsa kuti wolumala
amadya ndalama zingati za boma.
Mwana wachiyuda anamuimika kutsogolo
kuti anzake amuyeze mphuno ndi rula,
kenaka desiki lake linangokhala lopanda munthu.
Palibe anafunsa.
Madzulo mwana ankatchera khutu bambo ake akamadandaula
kuti mawa akanene kusukulu.

Kumsewu kondakitala akukuwa, "Tauni! Tauni!"
Ine ndikufunsa, "Mwamva?"
Ana makumi asanu ndi limodzi ayankha kamodzi:
"Inde, aphunzitsi!"
Liwu limodzi, losalala,
monga ndinawazoloweza ndekha
ndi kashamu kali kuseri kwa chitseko.

Msana wanga wazizira.

Tionenji yekha sanayankhe,
uja wa kumbuyo, amachedwa daima ndi mzere wa pampopi.
Akutafuna cholembera.
"Nanga mphunzitsi wa rula uja," akutero,
"akafika kwawo, tulo ankatipeza?"

Belu lalira, mabenchi akukokedwa.
Ndikufufuta bolodi pang'onopang'ono
kuti asaone nkhope yanga.
Fumbi loyera landikhala m'zikhadabo.