Fifite Randi Yong'ambika Khutu

Ndinaidziwira khutu lake long'ambika,
fifite randi yomwe ndinapatsa Bwanali Lolemba
atandiikira zipi pa thalauza
pakhonde paja ku Rosettenville.

Bwanali anakameta nayo kwa Yusufu.
Yusufu, tsitsi la anthu lili mbwee kumapazi,
anatuma mwana kwa Palesa kukagula anyezi ndi parafini.
Palesa naye foni yake inali itasweka galasi,
ndipo wokonza mafoni mumsewu uno ndine.

Lachisanu inandipeza, yotopa, ikununkha anyezi.
Ndinaseka ndekha.
Pepala limodzi, makomo anayi agona atadya.

Loweruka ndinapita nayo kusitolo yaikulu ija
ya zitseko zotseguka zokha.
Sopo wake ngotchipa ndi marandi awiri, sindikana.
Mtsikana wa pakauntala sanandiyang'ane n'komwe.
Kabokosi kanati khwa! n'kuimeza.

Miyezi itatu tsopano ndikusanthula chenji chilichonse.
Pakhonde paja patsala madontho a oyilo
pomwe pankaima makina a Bwanali.

Zipi ija yafanso.
Ndikuyenda m'Joni muno
malaya osapisira.