Chikupizo Chachitatu

Atate amanga mchira wa ndege ku tsinde la bulugamu
kuseri kwa galaja yawo kuno ku Ulongwe,
ndipo pakati pa chingwe akoleka sikelo
yomwe amayi amayezera matumba a mbatatesi.
Ine zanga ndi kope ndi pensulo.
"Venansiya, usayang'ane ndege. Yang'ana muvi."

Injiniyi inachoka m'galimoto ya a padiri
yomwe inagona chagada m'ngalande ya ku Domwe
chaka chija milatho inapita ndi madzi.
Imadziwa matope, imadziwa zitunda za ku Tsangano,
za kumwamba palibe anaifunsapo.
Imazungulira mwaphuma, thabwa silingapirire,
choncho anaiveka malamba atatu a chigayo
kuti liwiro litsike koma mphamvu itsale.

Chikupizo choyamba chinali cha mlombwa,
chotalika kundiposa ine.
Anachisema miyezi iwiri, nachipotoza mopitirira.
Chinaluma mpweya wosakwana m'kamwa mwake,
injini inabuula ngati ng'ombe pangolo ya njerwa,
utsi bii,
muvi unakwawa kufika pa 62, nukhala pansi.
Ndinalemba: cholemera.
Atate anati, "Wonjezera kuti wolakwa ndine, osati mtengo."

Chachiwiri chinali chachifupi, cha paini womata ndi guluu.
Injini inakondwa nacho, inakuwa
mpaka agalu a kwa Siteliyo anakabisala ku dambo.
Zitenje za Mayi Jakinta zinasamuka pachingwe,
nkhuku zinauluka,
ndipo ndi zokhazo zinauluka tsiku limenelo.
Muvi: 55.
"Phokoso tho, kukoka zii," anatero atate,
"ngati amalume ako pamsonkhano wa mpingo."

Lero ndi chachitatu.
Tadzuka tambala asanaganize,
chifukwa mpweya wa m'mawa wa Juni ndi wonenepa,
masana umawonda, phiko limagwira pachabe.
Dzulo anachigoneka pa mpeni kuti aone mbali yolemera,
napaka penti kunsonga yopepuka, dontho, dontho,
kufikira chinaima phee ngati madzi m'mbale.
Kupendeka kwake anayeza ndi chida changa cha masamu
chomwe aphunzitsi akuti ndinataya.

Alavulira m'manja.
Apukusa kamodzi, chatsokomola.
Kachiwiri, chakana.
Kachitatu dziko lonse lasanduka mphepo:
fumbi m'mano, masamba a bulugamu kumaso,
chingwe chawongoka, chikulira ngati waya wa magetsi,
mtengo ukunjenjemera mpaka m'mapazi mwanga.
70. 79.
Duku langa lapita, sinditembenuka.
84.
Muvi ukunthunthumira ngati ukuopa zomwe ukunena.
88.
Ndikukuwa nambalayo, koma mawu anga
akuwulukira kumbuyo, ku Malawi.

Azimitsa.
Chete wake akulira m'makutu.
Lamba mmodzi akununkha ngati tayala lopsa,
bawuti imodzi yamasuka, yatentha, sagwirika.
Awerenga kope, milomo ikuyenda.
Pakhoma la galaja analemba kale ndi choko: 100,
kuwerengera thupi lawo, petulo wa malita khumi
ndi bwalo la mpira lomwe limathera m'munda wa kabichi.
Kwatsala khumi ndi awiri.
Kulemera kwa mbuzi yaing'ono.

Sakudandaula. Akusisita nsonga ya thabwa ndi chala
monga amasisitira chipumi changa ndikadwala malungo.
"Apa," akutero. "Ndichotsepo pang'ono, ngati chikhadabo."

Amayi atulukira, manja m'chiuno.
Lole ya ku Tete yaima pamsewu, ogula akudikira,
sikelo ibwerere kuntchito yake.
Atate aimasula mwaulemu, aipukuta ndi malaya.
Thumba loyamba likukwera, muvi ukuloza 50,
ndipo ine, mosadziwa,
ndalemba m'kope la ndege.